Ndalama ya mu Mpango wa Bernadette

Lolemba, 3 Juni 1996
Chiperoni tsiku lonse. Ndatsegula sutikesi ya malemu mkazi wanga Bernadette koyamba chimwalirireni. Fungo la sopo wake likadalimo. Pangodya ya mpango wake wa kutchalitchi, mfundo yolimba. M'katimo kandalama kachikasu, kochepa ngati batani la jekete, koma kolemera. Mutu wa mzimayi, tsitsi lomangira pamwamba. Zilembo: DIVA FAVSTINA. Ukwati wonse uja osandionetsa.

Lachinayi, 6 Juni
Mlamu Alesi akuti kanali ka bambo awo, anabwera nako kuchokera ku Mozambiki kumene ankaphikira Mpwitikizi. "Ife tinkayesa mendulo ya tchalitchi." Kenako kundifunsa ngati ndaganizapo zobwerera kwathu, poti mwini mudzi, mkazi wangayo, anapita. Kwathu kuti?

Lachisanu, 14 Juni
Pa njinga mpaka ku Zomba. Bondo linandivuta pa Naisi. Bambo Mateyo, wansembe wokalamba amene anaphunzira ku Roma, anakayang'ana nthawi yaitali ndi galasi. Akuti V ija timawerenga U: Faustina, mkazi wa mfumu ya Aroma yotchedwa Antoninus. Liwu loyambalo likusonyeza kuti anali atamwalira kale. Mwamunayo anasulitsa nkhope yake pa ndalama, osaleka mpaka iyenso kufa. Kuseri, AETERNITAS, muyaya.
"Akatswiri ndiwo angatsimikize, aphunzitsi, koma m'dzanja mwanga uyu ndi golide."
Tiyi ndi masikono. Ndinalankhula za Bernadette mpaka dzuwa kupendeka. Sanayang'ane wotchi.

Loweruka, 15 Juni
Chithunzi cha Bernadette ndili nacho chimodzi, cha pa ubatizo wa mwana wathu Frank, ndipo anatembenukira kumbali. Mfumu ija inali ndi mwayi.
Mpunga wapsa kudimba, mbalame zikudya. Wondithandiza kumweta palibe.

Lachiwiri, 2 Julayi
Ndinapitanso, ati kukafunsa za mayi woimirira kuseri kwa ndalama. Funso lenileni ndinalibe. Bambo Mateyo kulibe, anawatengera kuchipatala ku Blantyre. Sisitere sakudziwa ngati adzabwerenso. Ndinakhala pakhonde pang'ono, kenako ulendo wobwerera.

Lachinayi, 11 Julayi
Alesi waulutsa nkhani. Uthenga wafika kudzera kwa kondakitala wa minibasi: Frank akubwera mawa kuchokera ku Limbe, ali ndi mnzake wogula zinthu zakale. Chichokereni pamaliro sanapondeko kuno, ngakhale moni.
Ndikudziwa chimene akudzera. Komabe ndasesa kuchipinda kwake, bulangete ndayanika, tambala ndamanga.

Lachisanu, 12 Julayi
Afika. Frank wanenepa. Anadya, nkuseka ngati mayi ake. Mnzakeyo anagwira kandalamako mpaka thukuta kutuluka. Denga likudontha, feteleza wakwera, zonsezo Frank wanena, ndipo ndi zoona.
Koma ndikagulitsa lero, adzabweranso liti?
"Ndiye titani, ababa?" Ndamuuza kuti abambo mfumu sanamalize kuwerenga zilembo. Abwerenso mwezi wamawa.
Wavomera.