Firiji Yanu Yapsa, Amayi

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ife kuno ku Kawale tilipo. Mng'ono wanga Esinati anachira mwana wamkazi, mphuno yake ndi yanu yeniyeni. Chimanga kumudzi ku Dedza chinacha, koma anankafumbwe alowa kale.

Ndikulemba kalatayi, Amayi, chifukwa cha achimwene a Lufeyo. Mutangoikidwa anayamba kukoka mawaya kuchokera pa mita yathu. Anayamba ndi alendi akuseri, kenaka wometa wapamsewu, mapeto ake bambo wina wowotcherera zitsulo amene wamanga kashedi pomwe munkadzala mpiru. Waya wake ngowonda ngati ulusi, molumikiza anakulunga ndi majumbo. Paja inu munkati mpopi umodzi sumwetsa tauni yonse.

Bamboyo akangoyatsa makina ake, babu la pabalaza linkafiira ngati khala, firiji yanu n'kumabuula. Wokonza mafiriji anatichenjeza kuti makina otere amakoka magetsi mwankhanza, ena n'kutsala ndi ofooka, ndipo mota ya firiji ikamalandira ofooka imatentha mpaka kupsa. Anati pamakinapo aikepo kachipangizo kotchedwa kapasita, komanso akhale ndi waya wawowawo. Achimwene anangoseka. "Magetsi ndi magetsi, achemwali. Babu likuyaka kapena ayi?"

Sabata ya chiliza chanu tinapha mbuzi n'kuika nyama m'firijimo, tonse n'kutsogola kumudzi kukakonzekera. Nditabwerera kudzatenga ndiwozo, fungo linandichingamira pageti. Firiji inali zii, madzi amagazi akuyenderera mpaka kukhonde. Kutsekula, nyama yabiriwira, ikutereka. Ndinasanza pomwepo. Ndinakakwirira kuseri ntchentche zikundilondola.

Anthu anadyera kabichi pamwambo wanu, Amayi, inu amene simunadyetsepo mlendo masamba okhaokha. Chondinyansa kuposa fungolo n'chakuti achimwene anaimirira pamaso pa amalume, taye ali m'khosi, n'kunena kuti a magetsi ndiwo anathimitsa. Abale onse n'kumawapepesa!

Dzulo ndinathimitsa magetsi pa mita, ndinatenga pulayazi n'kudula waya wa kushedi ndi wa wometa. Alendi ndawasiyira, ali ndi ana asukulu. Achimwene sakundilankhula, ndipo sindinawafunse chifukwa.

Ndimakukondani, Amayi. Firijiyo ndikonzetsa, ndipo ine ndili moyo, palibe adzalumikizenso waya pakhomo panu.

Ndine mwana wanu,
Felesiya