Mbava Yopempha Kabokosi Kamodzi

Lolemba, 3 Malichi

Mdzukulu wanga walanda tebulo lodyera, akuti ofesi yake ndi pomwepo tsopano. Ine ndadyera pamwendo.

Ndamufunsa kuti ntchito yakeyi kwenikweni ndi yotani. Wafotokoza pang'onopang'ono, nane ndilemba pang'onopang'ono, popeza kulembaku ndinakudziwa imvi zitatuluka kale.

Kampani yawo inapanga pulogalamu ya chipatala ya m'mafoni. Mbiri ya wodwala aliyense ili m'timabokosi: dzina, zaka, mankhwala, zina ndi zina. Foni ikafuna kanthu imapita pazenera lotchedwa API n'kutchula timabokosi tomwe ikufuna. Ndati pazenerapo pamakhala ndani? Akuti palibe. Zenera lopanda munthu koma loyankha. Chabwino.

Iye walemba khodi, malamulo a kompyuta, yoti izizonda kuti pempho lililonse likufuna timabokosi titi. Kabokosi komwe sikapemphedwa, Lachisanu akachotsa. Ndati chotsani ndithu, kusunga zopanda ntchito n'kudzipanikiza.

Lachiwiri, 4 Malichi

Kwavuta. Pali kabokosi kakale, ka chithunzi cha wachibale woimbiridwa foni wodwala akafooka. Pulogalamu yatsopano sikagwiritsanso ntchito. Koma akuti pali foni imodzi yomwe imakapempha m'mawa uliwonse, mobwerezabwereza ngati mwana wolirira shuga. Dzina ayi, mankhwala ayi. Chithunzi basi.

Bwana wake anaonekera pakompyuta, mutu wokhawokha. Akuti imeneyo ndi mbava ya pa intaneti, mwinanso gulu. Mdzukulu anati khodi yake imaona chopemphedwa chokha, wopemphayo siyimuona.

Ndati akapezeka mundipatse ine. Ndinali mlonda, chibonga chilipobe.

Lachitatu, 5 Malichi

M'mawa ndawauza akazi anga za mbavayi.

Anamwalira inde, koma ali m'foni yanga yakale. Anawaikamo ndi anesi nthawi yomwe ndinkayamba mankhwala a mtima. Ndikadina kabatani kobiriwira amatulukira, chipumi choyamba, kenaka maso. Nthawi zambiri amathera pamphuno. Ndiye ndimadinanso, n'kudinanso, mpaka pakamwa pafike, chifukwa kulankhula ndi mayi amene aja alibe pakamwa n'kuwachita chinyengo. Ali moyo sindinamalizepo nkhani. Pano ndimamaliza zonse.

Lero anandiyang'ana ngati akudziwa kanthu.

Mdzukulu wapemphanso foniyi kuti aikemo zatsopano. Ndakana. Wailesi yanga anaikonza iyeyu, mpaka lero imangolira ngati njuchi.

Lachinayi, 6 Malichi

Msonkhano wa mitu yokhayokha. Mutu wa magalasi ukuti mbavayo ili kutsidya kwa nyanja. Mutu wa ndevu ukuti ndi makina, munthu sangaume mutu chonchi. Ine kumbuyo ndinati alipo anthu otero, ndinakhalapo nawo m'nyumba. Mdzukulu anandiponda phazi.

Akuti lero yapempha kuposa masiku onse. Nanenso lero zinandivuta, mayi anakanirira pachipumi mpaka tiyi kuzizira. Tsiku loipa kwa aliyense.

Bwana wagamula: mawa kabokosiko kachoke, mbava ikasowa chopempha itopa yokha. Mdzukulu watchera msampha, kompyuta izilira kabokosiko kakapemphedwa. Ndadzipereka kulondera.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndinalawira. Mpando pafupi ndi kompyuta, chibonga pamwendo. Zii. Nditatopa ndinati ndiwauze mayi kuti ndabwerera pantchito. Kudina.

Ting!

Ndinadzambatuka. Kusuzumira pazenera lenileni, kuseri kwa firiji, pansi pa tebulo. Palibe. Ndinakhala pansi kuti ndiwauze mayi kuti mbava yafika, koma anali atathera pamphuno. Kudina.

Ting!

Ndinakuwa. Mdzukulu anatuluka mswachi uli kukamwa. Anayang'ana kompyuta, anayang'ana chala changa.

"Agogo, tadinaninso."

Ting.

"Wamva? Sakuopa n'komwe!"

"Tadinaninso."

Ting.

Anakhala pansi pasimenti n'kuseka mpaka thovu kugwera pamalaya. Ine zinanditengera kanthawi, sindibisa. Kenaka anatenga foniyo, nkhope ya agogo ake inali itafika yonse, ndipo kuseka kunatha.

Ndati, "Nanga ukachotsa kabokosiko, agogo ako apita kuti?"

Anati atha kuwasindikiza papepala lalikulu, tiwapachike pakhoma. Ndakana. Apakhoma amakhala atafika kale. Awa amachita kubwera, mochedwa, ine n'kumadikira, monga ndinkawadikira pakhomo akusankha duku.

Bwana ataonekera, mdzukulu anatembenuzira kompyuta kwa ine. Ndinavula chipewa. Ndati bwana, mbava ndaigwira ndekha, ili m'manja mwanga, koma yakana kusiya. Mutu wa ndevu unazimiririka. Wa magalasi unafunsa ngati chibongacho chili chenicheni.  Pomaliza bwana anati, "Tiona."

Tiona ndimamudziwa. Ndagona foni ili pansi pa pilo.

Loweruka, 8 Malichi

Ndinachita mantha kudina. Ndadina. Chipumi. Maso. Mphuno. Pakamwa!

Mdzukulu akuti pamwamba pa kabokosiko m'khodi walembapo kuti, "Muli munthu, osakhudza."

Msampha uja sanauchotse. Ting inalira pabalaza, ndipo kuchipinda kwake mdzukulu anakuwa ali m'bulangete: "Mwadzuka bwanji nonse awiri?"

Ndawauza mayi kuti ayankhe ndi iwo.