Impso ya Mchira ndi Mpunga Wanga

Lolemba, 3 Malichi

Kuchipatala m'mawa. Sikelo yati 77.4. Mwezi watha inali 78.5. Ndimayembekeza kuyamikiridwa, koma adokotala angokweza magalasi n'kunena kuti, "Mayi, tinagwirizana kuti mukafika pa 78 muime. Simunaime."

Ndilembe bwinobwino, mwina mutu upepuka. Chaka chatha ndinali ndi makilo 96. Anandiuza kuti sangachotse impso mwa munthu wonenepa chotero kukaika mwa mlongo wanga Mchira, ndiyambe ndatsika. Ndatsika. Tsopano akuti thupi likhazikike pamodzimodzi mpaka sikelo ya pa 7 Epulo. Likapitiriza kutsika, ayambiranso kundiyeza zonse kuti aone chimene chikundidya, ndipo opaleshoni aikankhira miyezi ina kutsogolo. Mchira alibe miyezi yotaya. Mkono umene amalumikizapo makina osefa magazi wayamba kale kuvuta.

Mchira. Bambo wa ana atatu, imvi m'ndevu, koma ndikumutchabe dzina la nthawi imene ankanditsata mpaka pakhomo la chimbudzi.

Mlangizi wa zakudya, mtsikana woseka msanga, wandikweza kuchoka pa makalori 1,500 patsiku kufika pa 1,900. Akuti nambala yeniyeni yoimitsa thupi langa palibe angandiuze, tiifunafuna ngati siteshoni pa wailesi yakale. "Kuwonda aliyense amatha amayi, ntchito ili pa kuima."

Walira mvula walira matope. Ndatopa.

Lachitatu, 5 Malichi

Kuntchito. Laibulale yadzaza ana a mayeso, mabuku obwezedwa mulu pa trole. Kale pokwera masitepe ankalira ndi mawondo. Lero mawondo ali zii, mutu ndiye ukuzungulira.

Siketi yagwira ndi mapini awiri. Uja wa pa tebulo lolandirira alendo, amene timamutcha Mtolankhani, wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Koma mwatha anzathu. Mwakayezetsa koma?" Ndangoseka. Pamene ndinali wonenepa ankandifunsa za shuga. Pakamwa pa anthu sipatseka.

Madzulo monga mwa masiku onse. Poto ndi mmodzi m'nyumba muno. Ndinakana kuyambira tsiku loyamba kuphika zanga padera ngati mlendi. Ndimaphikira tonse awiri, ndikapakula ndimaika mbale yanga pa kasikelo ka kukhitchini, n'kuwerengera ndi manambala a pa paketi. Mpunga magalamu 250, makalori 900. Nyemba 100, makalori 340. Ndikawonjeza buledi wa m'mawa, dzira, tiyi wamkaka, mafuta ophikira, 1,900 yakwana.

Bambo a m'nyumba muno, supuni ili m'manja: "Amayi, tikudya kapena tikugulitsa?"

Loweruka, 8 Malichi

Kwa Mchira masana. Nkhope yatupa, mapazi sakulowa m'nsapato. Madzi akumwa amamuyezera m'kabotolo kamodzi ka tsiku lonse. Amaika ena mufiriji kuti aume, n'kumayamwa pang'onopang'ono ngati switi.

Anatuma alamu, mkazi wake, kukagula nthochi ndi peyala lalikulu, zinthu zimene adokotala anamuletsa iyeyo kudya kalekale. Wazibisa kuseri kwa mtsamiro ngati wakuba. "Idyani achemwali, ine ndizionerera. Koma muzinena mmene zikukomera, musandinamize."

Ndadya nthochi imodzi ndi theka la peyala, maso ake ali pakamwa panga. Ndamuuza kuti nthochiyo ndi yosapsa bwino. Wati, "Bodza. Ndikumva fungo."

Ali mwana sankadya za m'mbale yake. Mayi akapakula, iye ankasiya zake n'kudzapisa dzanja mu yanga, akuti zanga ndiye zokoma. Ndinkamumenya pa zala ndi supuni. Nyumba ija ya zipinda ziwiri, fungo la palafini, mayi akukalipa ali chofulatira. Onse amene ankadya m'nyumba imeneyo tatsala awiri.

Pobwerera m'basi ndimawerengera makalori a peyala m'malo molira.

Lolemba, 10 Malichi

Sikelo ya kubafa: 76.9. Ndatsikapo, ndakweraponso, ndaisuntha kuika pafupi ndi chitseko. 76.9 yomweyo.

Ndamuimbira mlangizi. "Mukuwerenga zonse amayi? Simukudumpha chakudya?" Sindikudumpha. Chilichonse chimadutsa pa sikelo, ngakhale shuga wa mu tiyi. Wati tikwere pa 2,100.

Ndawonjezera mpunga.

Lachinayi, 13 Malichi

Chizungulire m'basi. Mayi wina wandipatsa mpando wake, wamkulu kuposa ine. Manyazi.

Chodabwitsa n'chakuti njala sindiimva. Chaka chathunthu ndakhala ndikuiuza kuti ikhale chete, tsopano yandinyanyala. Kudya kwasanduka ntchito ngati kusita.

Pagalasi madzulo. Khungu la m'mikono likulendewera. Mayi anali ndi mikono ngati mitsamiro, akakukumbatira unkasowa mpweya. Yanga inali ngati yawo, ndipo nthawi zina posamba ndinkawaona mwa ine. Tsopano sindiwaonanso. Palibe amene anandichenjeza kuti m'makilo amenewo mupita ndi mayi.

Bambo akuti ndikuzizira pabedi ngati botolo. Aika bulangete lachiwiri.

Lolemba, 17 Malichi

76.1.

Ndinapita kukamuona Mchira ali pa makina. Anali m'tulo, pakamwa pali yasa, machubu ofiira akutuluka m'mkono. Anesi akuti lero avutika kupeza pobaya.

Alamu ananditengera m'khonde, pafupi ndi pokhala mipando ya matayala. Sanakweze mawu. Bola akanakweza. "Alamu, ngati mwasintha maganizo ingonenani. Palibe angakumangeni, impso ndi yanu. Koma musatidikiritse basi imene inachotsedwa matayala." Ndinati ndikudya 2,100 tsiku lililonse. Iwo: "Munthu wodya sawonda. Kapena mukudzimana dala kuti adokotala akukanireni okha?"

Ndinangoyang'ana nsapato zawo, zothera mbali imodzi chifukwa cha maulendo a kuchipatala. Nawonso atopa.

Kunyumba sindinawauze bambo.

Lachisanu, 21 Malichi

Masiku onsewa cholembera chimandilemera.

Maganizo awiri akusinthana. Loyamba, mwina mulidi chinachake m'thupi muno chimene chikudya chakudya changa, ndipo akadzayeza adzachipeza, kenako odwala tikhala awiri. Lachiwiri, mwina alamu akunena zoona. Mwina pakamwa ndikuvomera koma thupi likukana m'malo mwanga. Kodi thupi lingamuchite munthu miseche chotere?

Mchira watumiza uthenga: "Achemwali musamvere za anthu. Ine ndili bwino, makinawa ndawazolowera, ndi anzanga." Ndiye kuti alamu anamuuza. Ndiye kuti naye wayamba kundikonzera njira yothawira.

Bambo anyamuka lero titadya chamadzulo, maliro a mnzawo wa kuntchito, abwera Lolemba. Nyumba yakula.

Loweruka, 22 Malichi

Ndilembe msanga ndisanayambe kudzikayikira.

Ndili ndekha, koyamba chiyambireni zonsezi kuphika za munthu mmodzi. Ndinati bwanji ndivutike kuphika wambiri n'kudzayeza pambuyo. Ndinangothira mpunga wouma pa sikelo, magalamu 300 anga a masiku ano, n'kuutsuka, n'kuika pamoto. Ndinakhala pampando kumasenda anyezi.

Povundukula, poto tho! Mpunga wa anthu atatu, mwina anayi. Ndinaima ndi chivundikiro m'manja nthunzi ikundiotcha kumaso. Ndinaukhuthulira wonse m'beseni, kuika pa sikelo. Magalamu 800 ndi kanthu.

Manambala a pa paketi ndi a mpunga wouma. Ine chaka chonse ndakhala ndikuyeza wophika, wokhuta madzi. Nyemba chimodzimodzi. Ndinkalemba 900 pamene m'mimba mwalowa 300 ndi pang'ono. Ndimadya madzi n'kumawawerenga ngati chakudya. Pamene ndinkati ndili pa 2,100, mwina ndinali pa 1,300. Nanga pamene ndinkati 1,500? N'chifukwa chake ndinkatsika ngati mwala, anthu n'kumandiyamikira kulimba mtima.

Zonsezi chifukwa chokana poto wachiwiri.

Ndinakhala pansi pa simenti, msana kutsamira firiji. Kuseka kunayamba, kulira kunamaliza. Sindikudwala. Ndipo thupi silimandinenera miseche, limangonena kuti silikudya.

Ndinajambula beseni lija lili pa sikelo, kuwatumizira alamu ndi mawu ochepa. Anayankha: "Wotsalawo musataye, bweretsani ana adye." Basi. Kwa alamu ameneyo ndiye pepani.

Lamulungu, 23 Malichi

Mlangizi wayankha foni ngakhale ndi Lamulungu. Anayamba kuseka, kenako anasiya. "Inenso ndinayenera kufunsa kuti mumayeza nthawi iti." Akuti tibwerere pa 1,900, koma yeniyeni tsopano, ndipo tikwere pang'onopang'ono masiku atatu kuti mimba isadzidzimuke.

1,900 yeniyeni ndi chakudya chambiri! Mbale yodzaza, mtedza masana, mkaka, chipatso, supuni ina ya mafuta. Ndatafuna mpaka nsagwada kuwawa.

Ndinaperekadi mpunga uja. Alamu anandilandira beseni pakhomo, nati, "Lowani alamu, mukuima ngati wa ngongole bwanji?" Za m'khonde muja sitinazitchule.

Lachinayi, 27 Malichi

77.1. Kilo yathunthu m'masiku asanu.

Ndinaona 96 ikubwera ndi masutikesi ake. Pa kadzutsa ndinabweza chidutswa chimodzi cha buledi m'pepala, mafuta ndinathira theka. Manja anachita okha, ngati ozolowera kuba.

Mlangizi akuti si mafuta a m'thupi, ndi madzi komanso chakudya chimene chili m'njira, thupi louma likamwa limalemera. "Musathamange ndi sikelo ya tsiku limodzi amayi, tione sabata yonse." N'zosavuta kunena. Iye sanamangepo zingwe za nsapato akupuma ngati wakwera phiri.

Bambo anaona buledi uja. Anangomutulutsa, kupaka majarini, kumuika m'mbale yanga. Ndinadya.

Tsopano ndimayeza mpunga wonse usanapse, ukapsa n'kuugawa pakati. Poto akadali mmodzi. Bambo akudandaula kuti gawo lawo lachepa.

Lolemba, 31 Malichi

76.7. Dzulo 76.9. Dzana 76.8.

Masitepe a kuntchito lero popanda kugwira chitsulo. Njala yabwerera, inandipeza ndikudinda mabuku chakumasana, m'mimba kulira mpaka mwana wina pa tebulo anatembenuka. Ndinakondwa ngati ndamva mawu a m'bale amene anasowa.

Mchira sanamalize nthawi yake pa makina, mkono unatseka. Amuika kachubu pakhosi kongoyembekezera. Pafoni mawu ake ngati akuchokera m'chitini. "Achemwali, akuti mwayamba kudya ngati wolima. Musaimalize impsoyo ndi mafuta, ine ndikufuna yatsopanotsopano."

Lachisanu, 4 Epulo

Sikelo inayamba kutsikanso pang'ono, 76.5, ndiye tawonjeza kapu ya mkaka. Lero 76.8. Zikuoneka kuti nambala yanga ili penapake pafupi ndi 2,000. Si nambala yokongola, ndipo mlangizi akuti idzasuntha ndikadzagona m'chipatala, idzasunthanso ndikadzakalamba. Ndiye kuti ntchito imeneyi ilibe tsiku lotsekera.

Ndinkaganiza kuti ndikadzafika pa 78 ndidzapuma. Kutsika kunali ndi anthu oombera m'manja. Kuima palibe amene amakuona.

Ndapereka masiketi atatu kwa atelala kuti awabweze. Anandifunsa ngati asiye malo oti ndikadzanenepanso. Ndinaganiza nthawi yaitali. Ndati asiye pang'ono.

Lolemba, 7 Epulo

Sikelo ya kuchipatala: 77.0, nditavula nsapato.

Ndawafotokozera adokotala za mpunga. Anavula magalasi, kupukuta m'maso. Anayang'ana manambala a masabata awiri apitawa, nati thupi laima, ndipo chifukwa chimene linkatsikira chamveka, palibe choyambiranso. Atsegula kalendala. Pa 23 Epulo, Lachitatu. Tigonekedwa dzulo lake.

Alamu anandigwira dzanja m'khonde, mwamphamvu mpaka mphete kundipweteka. Mchira ali pa mpando wa matayala, kachubu kake pakhosi, anangoyang'ana kudenga. Kenako anati, "Kodi impsoyo mwaiuza koma kuti ikusamuka?"

Onse anapita kokwerera basi. Ine ndinati ndidutse kaye kuchimbudzi, koma ndinakathera pa masitepe a kuseri, n'kukhala pansi. Chaka chonse mutu wanga wakhala pa mbale. Magalamu, masupuni, mapaketi. Za mpeni sindinaziganizepo n'kamodzi komwe, panalibe malo. Lero malo apezeka.

Sindibwerera m'mbuyo. Kungoti ndikuopa, ndipo ndilibe choti ndiike pa sikelo.

Bambo andifunsa pa chakudya kuti achotsa impso ya mbali iti. Sindikudziwa. Mwina anandiuza kalekale mutu uli pa makalori. Chikhalireni pano dzanja langogwira kumanzere, lagwira kumanja, labwereranso kumanzere.