Mudzamutenge Nana mvula isanabwerenso

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko. Kuno tilipo, kungoti mtima suli m'malo.

Madzi analowanso m'nyumba Lachiwiri masana. Paja bambo a Nana anamanga kakhoma ka njerwa pakhomo kuti madzi a mumsewu asamalowe. Ulendo uno sanadzere pakhomo ayi. Anatulukira pakabowo ka kubafa, akuda bii, onunkha, ndiye kakhoma kaja kanawatsekera momwemo ngati m'beseni. Ndinakwera patebulo, wakhanda kumsana, Nana nditamukumbatira, madzi atamiza kale mipando. Bambo ake anachita kugumula kakhomako ndi hamala, a telala oyandikana nafe akukuwa kuti, "Amisiri, mwatimangira damu la nsomba kodi?" Palibe anaseka.

Pawailesi akuti nyengo yasintha, mvula yotereyi izibwerabwera. Amayi a mumsewu wathu tagwirizana zochotsa mapulasitiki m'ngalande ndi kubzala mitengo kumtunda kumene anthu anadula. Ndimapita nawo. Koma mtengo ukula liti, azakhali? Mitambo yayambanso kuda.

Kamtsikana ka mayi ogulitsa makala kaja, kamene kamasewera ndi Nana, za iko ndidzakuuzani pakamwa. Nana akumafunsa, ine ndimangoti kanapita kwa agogo ake.

Chonde bwerani mudzamutenge mpaka mvula itatha. Wakhandayu akuyamwa, ndikhala naye. Nana savuta, amadya chilichonse. Amangolira akamva madzi akukhuthulidwa m'ndowa, ndiye mukafuna kumusambitsa muzimuuza kaye.

Ndine mwana wanu,
Make Nana