Chitseko Ndakusiyirani

Champhira,
Mzimba.
16 Okutobala, 2023.

Okondedwa achimwene a Chikumbutso,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti maso a amama akunkabe nachita chifunga. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mawu amandithawa. Mukangoti ndiyankhule msanga, zonse zimabalalika, ndimangotsala ndi kuvomera kuti yewo. Kalatayi ndapatsira adalaivala omwe aja anabweretsa penti.

Penti amene munatumiza chaka chatha anakhala kuchipinda mpaka mwezi wathawu. Amama anakaniza kuti asatsegulidwe. Ankati nyumba ya malemu adada adzapaka ndi mwana wawo wamwamuna, poti inu munalonjeza kuti mubwera. Ankhazi a Marjory, alongo awo a adada, nawo ankati mwana wamkazi ndi mlendo pamudzi, sakwera makwerero pakhomo pa bambo ake. Ine ndinkangowamvera monga mumandidziwira. Koma khoma lakummawa, limene mvula imamenya lija, linang'aluka mpaka chala changa chinkalowa, ndipo kuseri kwake ndi kumene amama amagona.

Ming'aluyo ndinamata ndi simenti, amama sanaletse. Itauma, khoma linkaoneka ngati buluku la zigamba. Tsiku lina amama atapita ku Umanyano wa amayi kutchalitchi, ndinatsegula chigubu chimodzi n'kupaka khoma lonselo. Linakongola chomene. Amama pobwera anamva fungo asanafike pakhonde, ndipo tsiku limenelo sanandiyankhule.

Sabata isanathe penti uja anayamba kutukumuka, kenako kusupuka ngati makoko a mbatata yophika. Ankhazi anabwera kudzaona, manja ali kumbuyo, n'kunena mokweza kuti anthu apanjira amve: "Mwaona, mulamu? Ngakhale khoma likudziwa kuti wapakayu si mwini wake." Amama anakhulupirira kuti adada akana. Achimwene, zimenezi zinandipweteka kuposa kuseka kwa ankhazi.

Ndinamanga chibenthu cha penti wosupukayo pansonga ya chitenje n'kukwera njinga mpaka ku Jenda. Pasitolo ya zomangira ndinaima pambali kudikira kuti anthu athe, mpaka amayi ogulitsamo, a Perpetua, anandifunsa ngati ndabwera kudzalondera. Nditawaonetsa chibenthucho, anachitembenuza n'kundionetsa ufa woyera kumbuyo kwake. Anati penti sagwira pamwamba pa laimu. Ndiyenera kupala mpaka pulasitala aoneke, kutsuka, kudikira kuti paume, kenako kuyamba ndi penti woyambira. Apo ndinakumbukira kuti adada ankapaka laimu Khirisimasi iliyonse, watsopano pamwamba pa wakale, kuyambira ine ndisanabadwe.

Kuuza amama ndiye kunali kovuta. Ndinagwada pafupi nawo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayankhula osayang'ana pansi. Ndinati: "Amama, adada sanakane. Koma kuti penti agwire, ndiyenera kuchotsa laimu wawo yense, ndipo ndichotsa." Amama anati ndiwatulutsire mpando panja, chifukwa ngati ntchito ya amuna awo ikugwa pansi, igwe iwo alipo.

Ndinapala ndi khasu lakutha la adada lija, nditalinola pamwala. Pansi pa laimu woyera ndinapeza wina wotuwa, pansi pakenso wabuluu. Ndinkaika zibenthu m'manja mwa amama n'kuwauza mtundu wake, iwo n'kumandiuza chaka. Wotuwayo akuti ndi wa chaka chimene fodya anaonongeka ndi matalala, adada anasakaniza laimu wochepa ndi dothi loyera la kudambo. Wabuluuyo ndi wa chaka chimene inu munasankhidwa kupita ku sekondale. Akuti adada anathiramo buluu wochapira zovala yense wa amama kuti anthu adziwe kuti pakhomo pano pali chimwemwe, ndipo anakangana mpaka madzulo. Ankafotokoza akuseka, misozi ikutsika. Zibenthuzo anazisunga m'chitini.

Mawa lake ndinawapeza atadzuka kale, akusesa fumbi la m'munsi mwa khoma, akupapasa ndi dzanja. Ankhazi anabweranso, anaima, anang'ung'udza, mapeto ake anagwira makwerero. Akuti si kuti avomereza, koma ndikagwa anthu anganene kuti iwo ankangoonerera.

Pano makoma onse atha, kutsogolo komwe. Pamwamba pa woyambira uja ndapaka kawiri, m'munsi ndazunguliza wakuda kuti matope a mvula asamaonekere. Ndakanda ndi chikhadabo, sakusupuka. M'manja muli matuza okhaokha, ndipo masiku opala aja ana a pamudzi ankandiitana kuti agogo chifukwa cha fumbi loyera m'tsitsi.

Mwina mukudabwa kuti changu chonsechi n'chachiyani. Pali nkhani imene ndakhala ndikulephera kukuuzani pa foni. A Malizani a ku Euthini, amene ankagula chimanga ku Jenda aja, anatumiza thenga kwa adada aang'ono kudzandifunsira ukwati, ndipo ine ndinavomera. Ng'ombe za malowolo abweretsa Khirisimasi ikangodutsa, kenako ine ndizipita kwawo. Ku Euthini si pafupi. N'chifukwa chake ndinafuna kuti ndisiye khoma lolimba. Koma khoma silitunga madzi, achimwene, ndipo silingawerengere amama mapepala a kuchipatala.

Sindikupempha katundu wina. Chitseko chokha ndicho sindinapake. Ndachikwecha ndi sandipepala mpaka thabwa layera, koma kachitini ka penti wa mafuta wobiriwira kaja sindinatsegule. Amama anati makoma andilola, koma polowera m'nyumba ndi pa mwana wamwamuna, ndipo apa ndagwirizana nawo. Anthu opita kuchigayo amafunsa kuti nyumba yowala chonchi chitseko chili mbee bwanji, amama amayankha kuti mwini wake ali m'njira. Thabwa losapaka likamwa mvula limafufuma, chitseko osatsekekanso. Mitambo yayamba kale kusonkhana madzulo. Ngakhale chifufume, ine sindichikhudza.

Ankhazi akupereka moni, akuti muwabweretsere bulangete la mphoto yogwira makwerero. Perekani moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti agogo awo amawatchula maina onse popemphera ngakhale sanawagwirepo m'manja. Amama andiuza kuti ndiike kachibenthu ka laimu wabuluu mu envelopu muno. Mwina pofika kumeneko kakhala katanyenyeka, koma musakutumule.

Bulashi ndatsuka, ndaipachika pamsomali kuseri kwa chitseko.

Ndine mlongo wanu,
Towera