Kachitsulo ka Ndodo Yanga

Lolemba, 4 Ogasiti

Lucius wandibera. Mkamwini, mwamuna wa Stelia mwana wa mlongo wanga, munthu wodya za m'dimba langa. Wamasula kachitsulo kunsi kwa ndodo yanga ya gofu.

Ndodo imene anandisiyira bwana uja ndinkamunyamulira chikwama ku Blantyre mpaka msana kupindika. Kunsi kwa mutu wake kuli tizitsulo tiwiri tomanga ngati mabawuti, kena kolemera, kena kopepuka. Ukatisinthanitsa, mpira umasintha njira. Ine kolemerako ndimakamanga chakuchidendene, mbali ya mutu yoyandikira chogwirira, chifukwa dzanja langa limathamangitsira mpira kumanja. Lero pali dzenje basi. M'mbali mwa dzenjelo, zokandakanda za sipanala ya njinga. Njinga pamudzi pano ali nayo ndani?

Wakana. Maso gwa.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Ndakayesa ndodo kudambo. Mipira yonse kumanja, wina mpaka mu nandolo za a Eliness. Mayi aja pakamwa! Ati nkhalamba yanji yosewera kampira anzake akukolola.

Mpikisano wa ife onyamula zikwama akale uli pa 23, ku Blantyre komweko. Chaka chatha ndinali wachiwiri. Chaka chino mawondo akunena kuti ndi komaliza. Ndipite ndi ndodo yoguluka dzino?

Ndaimba foni kwa anzanga akale. Kulibe. Ati ndodo zamtundu uwu zinasiya kubwera, tizitsulo ta zatsopano sitilowa pa yangayi.

Loweruka, 9 Ogasiti

Ndakapeza. Kumtsinje wa Lisungwi, kumene anyamata amapeta golide m'mabeseni. Lucius ali pamwala ngati bwana, kasikelo kopanga yekha m'manja, akugula golide wa gulu lonse. Mbali ina golide, mbali ina kachitsulo kanga. Poti kali ndi nambala ya magalamu, anthu akukakhulupirira.

Manyazi alibe. “Apongozi, inu mumangomenyera kampira. Ine ndikudyetsera ana.” Kenako ati nambala imeneyo, kwa munthu wosapondako m'kalasi ngati ine, n'chokongoletsera chabe. Anyamata phwete. Lucius ati kachitsulo abweza mvula ikagwa.

Ndabwerera. Mwendo wakumanzere kuwawa njira yonse. Andidziwa.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Ndinapita kwa Mavuto, mkulu wa opeta golide aja. Ndamuuza kuti kachitsuloko n'kolemera kuposa nambala yake, ndinathiramo mtovu ndekha kalekale, ndiye mkamwini wanga wakhala akuwadyera masuku pamutu. Bodza. Sindinathiremo kanthu. Koma mwini ndodo angamutsutse ndani?

Mavuto anadzuka. Anangoitana anzake awiri.

Lero ndadya mpaka kunyambita zala.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Lucius amuthira zibakera dzulo. Diso lotupa, kasikelo kopondedwapondedwa, njinga alanda. Wadutsa pakhomo panga chowerama, wapansi. Mtima wanga mbee.

Stelia wabwera, osagwada n'komwe. “Amalume, mwasangalala?” Ndati eya. Ndati auze mwamuna wake abweretse changa tsopano, sikelo alibenso. Wandiyang'ana, n'kumapita. Maso ngati a malemu mayi ake. Zandikhala pamtima pang'ono, koma zapita.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Kutchalitchi sindinapite.

Mavuto wabwera m'mawa, akumwetulira ngati wandithandiza. “Chonyengera anthu chija tinachiponya padziwe, madala. Sichidzaberanso munthu.”

Padziwe. Pamene madzi amafika m'khosi ngakhale chilimwe chino.

Ndinangoti zikomo. Ndikanati chiyani?

Stelia anabweranso masana. Ati ndikauze anyamata aja zoona, njinga ibwerere, mwamuna wake aziyendanso pa Lisungwi osalozedwa chala. Ati ndi ine ndekha angandimvere. Ndikagwadire ana, ine? Ndikadzitche wabodza pamaso pa opeta mchenga? Anayamba ndani kodi? Kachitsulo kanali m'nyumba mwanga, sikanamere miyendo.

Ndodo ndaipukuta. Malaya oyera ndachapitsa. Lachisanu ndikwera minibasi pa Zalewa, ndipo sindikwera ndi ndodo yadzenje.

Lucius atenge beseni. Mawa m'mawa alowe m'dziwemo, apete mchenga wonsewo mpaka akapeze. Cholemera chimatsalira pansi pa beseni, iye akudziwa. Akakapeza abwere nako pano, amange yekha pandodo, chakuchidendene, ine ndikuyang'ana. Pokhapo ndiye ndidzapita kwa Mavuto.