Nsapato za a Bwana Zathina

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani. Ine kuno ndilipo. Sindikudwala. Ndimadzuka, ndimapita kuntchito, ndimabwerako.

Adalaivala a basi andipatsa dzulo uthenga wanu pamodzi ndi chithunzi cha mwana wanga, a Bwana athu aja. Akuti mwakondwa kuti anenepa, masaya ali tutumu, moti nsapato zimene ndinatumiza miyezi iwiri yapitayi zathina, ndigule zokulirapo. Akutinso masiku ano asiya kulamula anthu pakhomo, amangokhala phee pamkeka, ndiye mukuti ayamba ulemu. Chithunzicho ndachiyang'ana nthawi yaitali. Tsitsi lafiirira ndipo lapyapyala.

Ntchito yanga ndi yomwe ija ya kusikelo ya ana. Ndimakhala m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde la chipatala, momwe muli sikelo yopachika, mabenchi awiri, ndi chipepala cha magulu asanu ndi limodzi a zakudya chimene chinafwifwa ndi dzuwa, moti dzira ndi tomato sizisiyananso. M'mawa uliwonse ndimaimirira kutsogolo kwa azimayi n'kuwaphunzitsa kasinthasintha wa zakudya za ana. Mawuwo amangotuluka okha ngati wailesi. Tsiku lina mayi wina anandifunsa ngati wanga mwana amadya magulu onsewo. Ndinati eya, n'kuitana wotsatira.

Kuno tili ndi lamulo loti mwana aliyense, kaya walemera bwanji, tizimudina mapazi. Sikelo imanamiza, amayi, chifukwa madzi nawonso amalemera. Mwana akamangodya chakudya chamtundu umodzi tsiku ndi tsiku, mimba imakhuta koma thupi limayamba kutupa, anthu n'kumati wanenepa.

Sabata yatha kunabwera mayi wina wogulitsa makala, akunyadira kuti wake mwana waposa anzake onse pasikelo. Nditadina phazi, chala chinalowa ngati m'dothi lonyowa, dzenje osabwerera. Mwanayo tinamugoneka m'chipatala Lachiwiri. Pofika Lachisanu pabedi paja panali patagona mwana wina. Sindinalire. Ndinalemba m'kaundula, ndinasamba m'manja, n'kupita kukadya. Mtima wanga unachita dzanzi kalekale, ngakhale dzulo poona chithunzi chija sunagunde n'komwe.

Pempho langa ndi limodzi. Mukangomaliza kuwerenga, akhazikeni a Bwana pamiyendo panu. Dinani pamwamba pa mapazi onse awiri ndi zala zanu zazikulu, muwerenge pang'onopang'ono mpaka katatu, kenako muchotse. Khungu likabwerera, ndiye kuti ndaopa chabe, mudzandiseke. Koma pakatsala dzenje, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti amalume akonze njinga, musayambe mwawapatsa zitsamba zoti madzi atuluke, ndipo musadikire ine. Ndapempha tchuthi, anamwino aakulu akuti mpaka kumapeto kwa mwezi, poti kusikeloko tilipo awiri okha.

Musamve ngati ndikukuimbani mlandu. Ndikudziwa kuti mumawapatsa chimene chilipo, nthawi zina inu n'kugona ndi njala. Ndine ndinawasiya atangoleka kuyamwa, kubwera kuno kudzaphunzitsa eni ake kadyetsedwe ka ana awo.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa achemwali ndi alamu, ndi kwa azakhali a kuseri kwa nyumba. A Bwana muwauze kuti mayi awo akubwera.

Nsapato sindinagule. Ndinafika pamsika, ndinazigwira, ndinazibwezera pomwepo. Zathinazo musapatse munthu, muziike pamwamba pa kabati. Mapazi akaphwa zidzawakwananso.

Ndine mwana wanu,
Make Bwana